Tsiku limene Hilux yanga inalira ngati nkhumba

Hilux yanga ndi yakale, ndinaigula ndisanakwatire, ndipo dzenje lililonse la msewu wa ku Chileka imalidziwa. Koma chaka chatha inayamba mwano. Ukapotoza chiwongolero, matayala ankayamba aganiza kaye. Pa bampu iliyonse kutsogolo kunkamveka gugudugugudu ngati wina akugubuduza mgolo wopanda madzi.

Amakanika ena amene timapemphera nawo anagwedeza tayala uku ndi uku, n'kunena kuti matayirodi endi, timitu ta zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala, atha, mabojointi, mfundo zimene tayala limatembenukirapo pokhota, nawonso. Atatchula mtengo wa ntchito ndinangoti, "Ndikuimbirani." Usiku womwewo bandulo yonse inathera pa YouTube, kuonera mzungu wina akumaliza ntchito yomweyo pa mphindi 12, manja osada n'komwe. Ndinati, zimenezi n'zolipirira munthu?

Loweruka m'mamawa ndinakagula zitsulo ku Ndirande. Galimoto ndinaiimika pansi pa mtengo wa mango, kuikweza ndi jeke, kuikhazika pa chitsa, tayala kunja. Mwana wanga wa Sitandade 5 ndinamulemba ntchito yondipatsira masipanala.

Nati ya tayirodi ili ndi timipata, ndipo mumadutsa kawaya kopinda kamene amakanika amati sipiliti pini. Ntchito yake n'kuletsa natiyo kumasuka galimoto ikamayenda. Ndinakazula, nati inatuluka mosavuta. Koma mutu wa tayirodi unakana, pajatu umalowa mothina ngati chitsekerero cha botolo. Mzungu uja anati uzimenya m'mbali mwa chitsulo chimene mutuwo walowamo. Ndinamenya kasanu. Kachisanu ndi chimodzi hamala inapeza chala changa chachikulu. Mawu amene ndinalankhula sindingawalembe pano, ndine wa m'komiti ya mpingo.

Mutu utazuka, panatsala kuupotokola pa ndodo yake. Ndinakoka sipanala, osasuntha. Ndinathira oyilo, osasuntha. Ndinalumikiza paipi ku sipanala n'kuikwera ndi mwendo. Ola lathunthu, thukuta kamukamu. Kenako mwana uja, akudya mango, anati, "Adadi, bwanji muyese kupotozera kwinaku?"

Ndinamuyang'ana ndi diso loti ukudziwa chiyani iwe. Atapita kukamwa madzi ndinayesa mwakabisira. Chinthu chija chinayenda. Kani mbali imodzi mazinga ake ndi amanzere, ndiye ola lonse lija ine ndinkamangitsa.

Tsono pali lamulo limodzi limene mzungu uja analibwereza katatu: werenga kuti chakalecho chazungulira kangati potuluka, chatsopano chilowe chimodzimodzi, apo ayi matayala sayang'ana kumodzi. Ndinayamba bwinobwino. Nditafika pa 11, mayi akunyumba anatulukira pakhonde ndi foni, magetsi atatha, n'kuyamba kumuwerengera mlongo wake wa mwanayu manambala a mayunitsi mokuwa. Manambala aja alipo 20. "Seveni! Folo! Folo! Naini!" Mmene ankamaliza, ine sindinkadziwa ngati ndili pa 14 kapena pa 49. Kumanzere ndinalowetsa 16, kumanja 23, poti ndi zaka zimene ndinali nazo pokwatira. Mabojointi ndinangowayang'ana n'kuwabwezera m'katoni.

Lamulungu tonse tinakwera, ulendo wa kutchalitchi. Kuti galimoto iyende molunjika, chiwongolero ndinkachigwira chopendekera ngati ndikukhota. Titangoponda tala, matayala anayamba: kwiiiiii! Nkhumba yopita kokaphedwa siifika pamenepo. Akabaza ankapatuka okha, huta osaliza.

"Bambo a ana, ndiye mwakonzatu," anatero mayi, maso ali kunja.

Tinalowa pabwalo la tchalitchi kwaya ili pakati pa nyimbo, ndipo theka la mpingo linasuzumira pawindo. Nditatsika ndinaona matayala akutsogolo atayang'anizana ngati amayi awiri akunong'onezana miseche pachigayo.

Malo okhala anapezeka amodzi okha, pafupi ndi amakanika aja. Anandinong'oneza, "Achimwene, wakugwirirani ndani galimotoyo?"

"Alamu anga," ndinatero. Alamu anga ali ku Johannesburg chaka chachinayi tsopano, koma amakanikawo sawadziwa.

Ulaliki uli mkati, mwana uja anandikodola. Anapisa m'thumba n'kutambasula dzanja. Munali timawaya tiwiri tonyezimira, tatsopano.

"Adadi, iti munatiiwala pa chitsa dzulo. Ndakusungirani."

Amakanika anayang'ana timawayato, anayang'ana chala changa chokulunga nsanza, kenako anatseka maso ngati akupemphera. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

Tikutuluka, anandilanda makiyi pakhomo pomwepo. "Iyi igona pano. Mawa ndibwera ndi zitsulo zanga, kenako ipite kualaimenti akawongole matayalawa. Ndipo alamu anuwo muwauze kuti mtengo wakwera."

Tinabwerera wapansi, dzuwa lili paliwombo, mayi ali patsogolo ndi nsapato zazitali m'manja.