Zikomo alamu, amayi alowa m'nyumba yawo

Amayi alowa m'nyumba yawo yatsopano Loweruka lapitali. Ndi ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, chitseko chake chokhoma ndi loko. Pulasitala tapaka m'kati mokha, mawindo ena tangotseka ndi matabwa, koma nyumbayo ndi yawo, ili pamalo pawo, ndipo malire ake amfumu anawaponda anthu akuona. Ndangofika kumene ku Limbe, msana ndi miyendo zikuphwanya, koma sindigona ndisanathokoze.

Choyamba ndi Inu Ambuye Mulungu. Munatitengera amalume, munatisiyira amayi. Sitikufunsani chifukwa. Dzina lanu lilemekezeke.

Zimene namondwe wa Freddy anachita kwathu ku Mulanje mu Malichi 2023 mukuzidziwa, sindibwereza zonse. Amene muli a kwa Njema, a ku Muloza, a ku Nkhulambe, a ku Chilobwe kuno, aliyense ali ndi maliro ake. Ife napolo anatsika usiku ndi matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Anatenga nyumba ya amayi, khitchini, khola la mbuzi, nkhokwe, nthochi zonse za kuseri, ndi chimanga chimene chinali chitayamba kukhwima. Anatenganso amalume athu, mwinimbumba, ndipo mpaka lero manda awo tilibe.

Amene ndikufuna dziko limve za iwo ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Dzina sinditchula chifukwa andiletsa, akuti sakufuna phokoso. Koma a kumudzi mukuwadziwa: bambo wa kabaza uja wochokera kutsidya, ku Milange m'dziko la Mozambique, amene anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu. Munthu amene pamudzipo alibe ngakhale mzere umodzi woti n'kunena kuti ndi wake.

Usiku umenewo ndi iwo anamva kulindima kwa phiri. Anatulutsa ana ndi mkazi wawo, kuwaimika pachitunda, n'kubwerera mumdima kukatenga amayi. Amayi miyendo inayamba kale kuvuta, kuthamanga sangathe. Inu a kwathu mukudziwa mwambo: mkamwini ndi apongozi amapatsana ulemu wa patali. Sadyera pamodzi, sayang'anizana m'maso, akakumana panjira wina amapatuka. Zaka zonsezi alamu akafuna kulankhula ndi amayi ankanjuta chapatali, chipewa chili m'manja. Koma usiku umenewo analowa m'nyumba, anawabereka kumsana, anawamanga ndi chitenje n'kutuluka nawo madzi ali m'mawondo. Amayi akamafotokoza amalira, amati, "Mwana uja sanandifunse, anangoti pepani amayi, n'kundinyamula." Patangopita nthawi yochepa, pamene panali nyumba panadutsa mtsinje.

Ine ndili ku Limbe sindinkadziwa kanthu. Magetsi anazima, mafoni a kumudzi onse osagwira. Pa wailesi timangomva kuti boma lalengeza pa 13 Malichi kuti m'chigawo cha kummwera mwagwa ngozi, kenako chiwerengero cha omwalira chikungokwera. Ndinkaimba nambala iliyonse imene ndinali nayo mpaka chala kuwawa. Uthenga woyamba unabwera pa nambala ya ku Mozambique. Alamu anali ndi simu ya Movitel, anakwera pamalo okwera mpaka anagwira netiweki ya kutsidya, ndi kabatire kotsala pang'ono analemba kuti, "Amayi ali moyo, ana ali moyo, amalume sitikuwaona." Uthengawo ukadali m'foni yanga.

Amene simunafikeko kwathu mwina simungamvetse kuti ulendo wake ndi wotani. Ngakhale kunja kuli bwino, umakwera minibasi ku Limbe, kudutsa Chitakale ndi pa boma, kupitirira Limbuli kuloza ku Muloza. Ukatsika patala umakwera kabaza kudutsa m'minda ya tiyi, msewu wa dothi lofiira loterera kukangowaza mvula. Pamene njinga yalekezera umayamba wapansi, kukwera ndi kuwoloka timitsinje, mpaka pafupi ndi nkhalango. Freddy atadutsa, zonsezi kunalibe. Milatho inapita, msewu unaduka m'malo angapo, timitsinje tija tinasanduka zigwembe zodzaza miyala. Helikoputa za asilikali zinkadutsa m'mwamba kupititsa chakudya kumisasa, ndipo tikuwathokoza asilikali athu ndi anzawo a ku Tanzania, koma sizikanatera pakhomo la aliyense.

Mankhwala a BP a amayi anapita ndi madzi. Alamu ndi anyamata ena anagwetsa bulugamu n'kuyala ulalo, anamanga machila a nsungwi ndi matumba, ananyamula amayi mpaka kumsasa wa pasukulu. Kuchoka apo alamu anayenda wapansi kukafuna mankhwala, njinga yawo itatsekeredwa kuseri kwa mtsinje. Ine pamene ndinkafika kumsasako, zovala zili matope okhaokha, ndinapeza amayi amwa kale mankhwala, ali ndi bulangeti, akumwa phala. Alamu mapazi atatupa, zala zitang'ambika, akutunga madzi othira kolorini, pakuti nthawi imeneyo kolera inali isanathe m'dziko muno.

Njala itafika, ndi iwo ankawoloka kupita kwawo ku Milange kukapempha kwa abale awo. Ankabwera ndi chimanga, chinangwa chouma, nthawi zina nandolo, atamanga panjinga. Abale a kutsidya, amene ena mwa ife sitinapiteko n'komwe kukawaona chikwatirane ana athu, ndi amene anatidyetsa. Alamu, mukapita mukawauze kuti mbumba yonse yagwada.

Koma chimene chinandilemera kwambiri si njala ayi, ndi nkhani ya malo.

Kwathu malo amayenda ndi akazi. Munda unali wa agogo, unabwera kwa amayi, udzapita kwa ife ana aakazi ndi ana athu. Pepala palibe. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa, koma ife tinali tisanalembetse, ngati mabanja ambiri. Malire athu anali khonje, chitsa cha mbawa, mwala, kamtsinje, ndi mutu wa amalume. Napolo anakwirira khonje, anasuntha miyala, kamtsinje kanasintha njira, ndipo amalume anapita. Madzi ataphwera, munda wonse unali mchenga ndi miyala, wosadziwika poyambira ndi pothera. Malo abwino otsala anachepa, anthu ofuna pomanga anachuluka. Sindikuwada anansi athu amene anayamba kulima cholowa kwathu, nawonso anataya zonse. Koma tikanangokhala chete, amayi akanatsala opanda pomanga, chifukwa pabwinja pakale sipangakhalenso munthu, ndi njira ya madzi.

Nkhani itapita kubwalo, ife ana obadwira pomwepo tinasowa chonena. Ine ndinachoka kumudzi kalekale, munda ndimaudziwa ndi maso okha. Amene anaulima ndi khasu chaka ndi chaka ndi alamu. Ataimirira, wina anakuwa kuti mkamwini salankhula za malo, abwerere kwawo. Mawu amenewo anandilasa ine, kaya iwo anawamva bwanji. Sanayankhe. Anangopempha amfumu kuti bwalo lisamukire kumunda. Amfumu, zikomo chifukwa munavomera.

Kumundako anatenga khasu ndi chitsulo. Anayeza ndi mapazi kuchokera pa mtengo wa peyala umene unapulumuka, anakumba, anthu akuonerera dzuwa lili pamutu, mpaka anafika pa chitsa cha mbawa chija, chili pansi pa mchenga. Anapita mbali ina, anakumba, anatulutsa mizu ya khonje. Kenako anafukula mizere ya tiyi wa amayi. Tiyi mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo tchire lake limakhala zaka makumimakumi, choncho ngakhale pamwamba panaphwanyika, zitsa zinali m'mizere yake momwe anadzalira. Mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi anabwera ndi kaundula wosonyeza kuti munda umenewo umathyoledwa m'dzina la amayi. Nkhani inathera pomwepo, popanda kutukwanana. Ndipo alamu ndi amene anatiuza ife eni ake kuti kachigawo ka kumunsi tiwasiyire anansi aja amangepo, popeza kwawo kunasanduka miyala yokhayokha. Amayi anavomera. Lero anansi omwewo ndi amene anatithandiza kuponda dothi la njerwa.

Taganizani, munthu kumenyera nkhondo malo amene mwambo umati si ake ndipo sadzakhala ake. Ena anamunong'oneza kuti ukuvutikiranji, ukwati ukatha udzachoka ndi kachikwama kokha. Iye anati ana ake ndi a pamudzi pano, ndipo apongozi ake ndi mayi ake.

Za kumanga ndingonena mwachidule, pakuti ambiri munaziona pa zithunzi. Tinayamba ndi ndalama za banki m'khonde ndi zimene munasonkha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, simenti ndi malata zinakwera, ndalama imene tinkati ifika padenga inathera pa linta. Ntchito inaima, mvula inabwera, makoma tinafunditsa mapepala apulasitiki. Galimoto silifika pamalopo, ndiye thumba lililonse la simenti linakwera panjinga ya alamu mpaka pamene msewu wathera, kenako pamutu. Malata anawanyamula awiriawiri ndi anyamata a kwaya, m'mawa mphepo isanayambe. Pa maulendo onsewo alamu sanalandire ngakhale ya petulo. Ndikawatumizira pa Mpamba, ankagula misomali n'kundionetsa lisiti.

Pali anthu anabwera usiku kudzatitsatsa matabwa a mkungudza motchipa, akuti chiswe sichidya. Ndi zoona, sichidya. Alamu anawabweza, anati mtengo umenewo ndi woletsedwa ndipo m'phirimo watsala pang'ono kutha. Tinagwiritsa ntchito bulugamu wogula kwa mwini wake. Akuluakulu amati napolo ndi njoka ya m'phiri imene ikamasamuka imagumula nthaka, ndipo amakumbutsa za ku Phalombe mu 1991. Sinditsutsana nawo. Koma inenso ndili ndi maso. Nkhalango imene ndinkatolamo nkhuni ndili mtsikana inkayambira pafupi ndi minda, yakuda bii, mitsinje yake yosauma. Lero makala ndi macheka zaikankhira kumtunda, ndipo tikulima m'malo otsetsereka amene makolo ankawaopa. Mvula ya Freddy inali yoopsa, mwina palibe nkhalango ikanaigwira yonse, koma ifenso phiri talivula. Alamu adzala nsungwi ndi vetiva m'mbali mwa chigwembe, ndi mbande za mbawa m'malire atsopano. Anyamata a kumudzi, akakuitanani kukathirira, pitani.

Amayi a Mvano, munabwera ndi ndowa, mapoto ndi zitenje pamene amayi analibe chosinthira, ndipo munakhala nawo pa mapemphero a amalume opanda bokosi. Aphunzitsi amene munatipatsa makalasi ogonamo. A Red Cross ndi azaumoyo a kumsasa. Anzanga a kaunjika mumsika wa Limbe, munkandigulitsira katundu ine kulibe, ndalama n'kundipatsa yokwana. Achimwene a ku Johannesburg, inu mumagwira ntchito usiku, ndipo malata aja ndi thukuta lanu. Mmisiri wathu, munadikira malipiro mosadandaula. Mng'ono wanga, iwe unasamala amayi m'kachisakasa ana ali pamsana, ukuthyola tiyi wa ganyu kuti papezeke mchere. Mulungu akudalitseni nonse, akubwezereni pamene mwachotsa.

Kwa abale ena a magazi, ndinena pang'ono chifukwa zikundiwawa. Pamene tinkafukula matope kufuna amalume, mafoni anu ankangoitana. Munati mudzabwera msewu ukakonzedwa. Msewu unatseguka, simunabwere. Tinadzakuonani tsiku la bwalo, mutamva kuti pali wina akufuna kugula malo, mukufunsa kuti gawo lanu ndi liti. Amayi akukhululukirani, anena okha, ndipo khomo ndi lotsegula. Ine ndikupempherabe kuti mtima wanga ufike pamenepo.

Alamu, ndabwereranso kwa inu. Loweruka pamene amayi ankalowa m'nyumba, inu munaima patali kuseri kwa uvuni, chipewa m'manja, ngati kale. Amayi anakuitanani katatu, anakukhazikani pampando m'chipinda chochezera, anakupatsani thobwa ndi manja awo pamaso pa mbumba yonse ndi amfumu. Anati kuyambira lero pamudzi pano wina asadzakutchuleninso wobwera. Ine monga mwana wamkulu wamkazi ndikubwereza mawu omwewo pano kuti aliyense awerenge. Zikomo alamu. Zikomo kwambiri. Ambuye akusungireni moyo, akutetezeni pamsewu, ana anu adzakuchitireni zimene mwachitira amayi athu.

Lamulungu likubwerali tikhala ndi mapemphero othokoza pakhomo patsopanopo tikaweruka ku tchalitchi, ndipo tidzakumbukiranso amalume. Obwera kuchokera kutali nyamukani m'mamawa, valani nsapato zoyendera, ndipo mundiuze msanga kuti tikonze anyamata okuchingamirani patala. Chinanso, njinga ya alamu inatheratu ndi simenti ija, mashoko ndi matayala zonse n'zofunika kusintha, ndipo ndi imene imadyetsa banja lawo. Iwo sanapemphe, ndipo akaona izi andikalipira, koma ife ana a amayi tayamba kusonkha. Amene mukufuna kuponyapo kangachepe, ndilembereni ku inbox.