Usiku umene njuchi zinandigonetsa kuchipatala

Tinapita kukafula uchi ine ndi alamu anga madzulo ena mu November, kumtunda kwa Namwera kumene ndinapachika ming'oma yanga. Chipewa changa cha neti chinali ndi kabowo pakhosi, ndipo njuchi zakunozi sizichedwa kupeza khomo. Ndisanadule n'chisa chachiwiri chomwe, zisanu zinali zitandiluma kale pakhosi ndi kukhutu.

Choyamba ndinathawira kutali ndi mng'oma. Njuchi ikaluma imasiya fungo loitanira zinzake, ndipo mukanunkhiza bwino limamveka ngati la nthochi yakupsa, chifukwa mankhwala ake, isoamyl acetate, ndi omwewo amene ali m'nthochi. Alamu anandifukizira utsi pakhosi kuti fungolo lisokonezeke, kenako anawalitsa tochi ya foni. Mbola imodzi anaiona ikugwedezeka yokha, kathumba koyera kumapeto kwake kakufinyika ngati kakupuma. Njuchi yapita kukafa, koma kathumbako kamapitirizabe kupopa ululu. Tsono musataye nthawi kufunafuna mpeni kapena khadi yopalira. Chikhadabo n'chokwanira, bola msanga.

Ndinasamba ndi madzi ozizira a m'chigubu n'kuganiza kuti zathera pomwepo. Ndalumidwa kambirimbiri pa zaka zomwe ndaweta njuchi, ndipo kutupa kwa pamalo olumidwa sikunandiopsepo.

Koma tisanafike kunyumba, zikhatho zinayamba kuyabwa, kumene njuchi sinafikeko n'komwe. Zidzolo zinatuluka pamimba, milomo inalemera, mawu anasasa. Alamu anati, "Alamu, mukupuma ngati mwameza mluzu, tiyeni kuchipatala." Ndinkafuna kukana. Iwo anali ataimitsa kale wanjinga yamoto.

Kuchipatala adokotala sanafunse zambiri. Anandibaya adrenaline pantchafu, theka la miligalamu, n'kundiyeza BP imene inali itatsika. Patangopita mphindi zochepa chifuwa chinamasuka. Piritoni anabwera pambuyo, wa kuyabwa chabe, ndipo anandiuza mosabisa kuti piritoni payekha sakanatsegula kukhosi. Anandigoneka mpaka m'mawa, poti vutoli nthawi zina limabwereranso patapita maola. M'buku langa la kuchipatala analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti thupi langa limadana ndi ululu wa njuchi.

M'mawa mwake ndinawafunsa chimene chasintha, popeza njuchi ndi zomwezo. Zimene anandifotokozera, ndi zimene ndinawerenga nditachira, ndi izi. Pafupifupi theka la ululu wouma ndi melittin, kapuloteni kakang'ono ka ma amino acid 26, kamene kamaboola khungu la maselo. Moto umene mumamva mukalumidwa ndi umenewo. Mulinso hyaluronidase, amene amasungunula zomatira minofu kuti ululu ufalikire, ndi apamin amene amakhudza mitsempha. Koma amene anandigwetsa ine ayenera kuti ndi phospholipase A2, amene ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 10. Thupi likhoza kumuloweza mwakachetechete pa kulumidwa kwakale, tsiku lina n'kumulandira ndi nkhondo yopitirira muyeso, histamine n'kukhuthukira m'magazi monse. Ululu weniweniwo ndi wochepetsetsa, mbola imodzi imatulutsa mamaikulogalamu 50 mpaka 140 basi.

Nditabwerera kunyumba, azakhali anga amene amavutika ndi nyamakazi m'mawondo anabwera kudzandizonda, n'kunena kuti anamva zoti kulumitsa njuchi pabondo kumachiritsa. "Mwana wanga, ukachira undigwirireko ziwiri." Nkhaniyi si yabodza yonse. Ku China ndi ku Korea alipo amene amabaya ululu wa njuchi pochiza mafupa, ndipo mu 2020 ofufuza a ku Harry Perkins Institute ku Perth, Australia, anaonetsa kuti melittin amapha maselo a khansa ya m'mawere mu labotale ndi mu mbewa. Komatu bondo la azakhali si mbale ya mu labotale. Umboni wa nyamakazi ndi wofooka, ndipo ku Spain mayi wina wa zaka 55 anamwalira atalumitsidwa dala njuchi yamoyo, ngakhale anali atachita zimenezo kwa zaka ziwiri popanda vuto. Ndinawakanira, ndipo anachoka atakwinya nkhope.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala otsimikizika opangidwa ndi ululuwu ndi a anthu ngati ine. Madokotala a ziwengo amabaya ululu woyeretsedwa pang'onopang'ono, kuyambira kadontho kosaoneka mpaka mamaikulogalamu 100, kwa zaka 3 mpaka 5, kufikira thupi litazolowera. Amatero adrenaline ali pambali.

Ming'oma ikadalipo. Amafula ndi alamu tsopano, ine ndimasefa uchi pakhonde ndi kuthira m'mabotolo, buku la kuchipatala lili m'thumba la malaya.