Kuuza mnzanu kuti akonze ntchito yake m'Chingerezi cha ku ofesi

Mnzanu wa ku ofesi akakupatsani lipoti kuti muliwone, inu n'kulibweza mutalemba kuti "This is not good", mwamupweteka mtima koma simunamuuze chochita. Mukalemba kuti "Page two could be clearer and the summary should be shorter", wadziwa tsamba loti akonze, wadziwanso kolowera. Mawu awiriwa, clearer ndi shorter, ndi afotokozi ofanizira chinthu ndi chinzake, amene m'mabuku a galamala amatchedwa comparatives. Ndimalimbikitsa aliyense wofuna Chingerezi cha pantchito kuti ayambire pamenepa, chifukwa ndemanga yothandiza nthawi zambiri imadalira mawu amenewa.

Chimene chimatipunthwitsa ndi chinenero chathu chomwe. Timati "Chimanga cha chaka chino ndi chabwino kuposa cha chaka chatha." Mawu oti chabwino sanasinthe, katundu yense wasenzedwa ndi kuposa. Ndiye munthu akamalemba Chingerezi amangochotsa kuposa n'kuikapo than, chiganizo n'kutuluka chotere: "This report is good than the last one." Chingerezi chimafuna kuti mfotokozi asinthe kaye, than abwere pambuyo: "better than the last one". Ena akazindikira zimenezi amapyola muyeso, n'kumalemba "more better" kapena "more cheaper". Kumeneko n'kuthira mchere kawiri mu ndiwo imodzi. Sankhani chimodzi, -er kapena more.

Musankha bwanji? Werengani maphatikizo. Liwu la phatikizo limodzi limalandira -er: short shorter, cheap cheaper, fast faster. Liwu la maphatikizo atatu kapena kuposerapo limafuna more: more accurate, more reliable, more professional, more expensive. Koma apa pali msampha. Ife timakonda kulowetsa mavawelo pakati pa makonsonanti, kotero liwu ngati strict kapena strong limamveka lalitali m'kamwa mwathu, n'chifukwa chake "more strong" imabwera yokha. Kwa mwini chinenero, strong ndi phatikizo limodzi lokha, ndipo amati stronger, stricter, briefer. Ngati mukukayika, tsegulani mtanthauziramawu muone mmene aligawira liwulo.

Pa kalembedwe, liwu lothera ndi e limangolandira r, monga late later. Lalifupi lothera ndi vawelo imodzi ndi konsonanti imodzi limabwereza konsonantiyo: big bigger, thin thinner. La maphatikizo awiri lothera ndi y limasintha y kukhala i: easy easier, busy busier, early earlier. Ena a maphatikizo awiri, monga simple, quiet ndi polite, amalola njira zonse ziwiri, pamene othera ndi -ful kapena -ed amafuna more basi: more careful, more useful, more detailed. Atatu awa ndi ongoloweza: good better, bad worse, far further.

Chofunika kwambiri pa ndemanga ndi kukula kwa kusiyanako. "It needs to be shorter" siikunena ngati munthu adule mizere iwiri kapena masamba asanu. Ngati n'pang'ono, ikani slightly kapena a bit kutsogolo: "slightly shorter". Ngati n'kwambiri, ikani much kapena far: "much shorter". Apa liwu lathu lija kwambiri limatinamiza, chifukwa tinaphunzira kuti ndi very. Koma very sayenda ndi afotokozi ofanizira. "Very good" ilipo, "very better" kulibe. Kumbukiraninso kuti zowerengeka zimafuna fewer ndipo zosawerengeka zimafuna less: fewer errors, fewer complaints, koma less time, less money.

Manambala akalowapo, samalani kawiri. Tinene kuti mwalandira makotesheni awiri a mipando, ina ya K400,000 ndi ina ya K500,000. Kusiyana kwake ndi K100,000. Mukhoza kulemba kuti "The second quotation is 25% more expensive than the first", kapena "The first quotation is 20% cheaper than the second". Zonse n'zoona, koma maperesenti ndi osiyana, chifukwa peresenti imawerengedwa kuchokera pa chinthu chimene chabwera pambuyo pa than. Mukalemba "25% cheaper" mwanamiza abwana, ndipo a ku akaunti adzakubwezerani pepalalo. Pomwepo onaninso kalembedwe ka than. Than ndi then amamveka mofanana kwa ambiri a ife, ndipo kawirikawiri kompyuta siikudzudzulani chifukwa onse ndi mawu enieni. Pali mawu ochepa amene than samuyandikira n'komwe: senior, junior, superior ndi inferior amatenga to. Mumati "She is senior to me."

Liwu lenilenilo lakuti feedback, kutanthauza ndemanga, limalakwitsidwa tsiku ndi tsiku m'maimelo. Ndi dzina losawerengeka, ngati madzi kapena ufa, kotero "feedbacks" ndi "a feedback" n'zolakwika. Lembani "some feedback", ndipo mukafuna kuwerenga nenani "two comments". Advice ndi information alinso m'gulu lomweli. Kaliwu kotsatira feedback ndi on: "Could I have your feedback on the draft?" Ndemanga yomanga munthu imatchedwa constructive feedback.

Pa fomu youunikira ntchito ya chaka, imene amati appraisal kapena performance review, mudzapeza strengths, kutanthauza zimene mumachita bwino, ndi areas for improvement, zimene muyenera kukonza. "Meets expectations" ndiye kuti mwafika pa mlingo umene amafuna, si chitonzo ayi. "Exceeds expectations" ndiye kuti mwaupyola. Ntchito ikamayenda monga munakonzera ili "on track", ikatsalira ili "behind schedule".

Amene mumagwira ntchito ndi anthu a ku Britain, tcherani khutu. Iwo amakonda kukulunga chidzudzulo, monga mmene ifenso sitilasa mkulu ndi mawu pagulu. "You might want to look at the figures again" si maganizo oti mutenge kapena musiye, akukuuzani kuti manambalawo ali ndi vuto. "There is room for improvement" ndiye kuti ntchito siinafikepo. Inunso mukhoza kufewetsa mawu anu ndi could kapena would: "It would be stronger with last quarter's figures." Chiganizo chimenechi chilibe mwano, komabe chanena chosoweka. Njira ina ndi "not as ... as". "This draft is not as clear as the first one" imalowa bwino m'khutu kusiyana ndi "This draft is worse."

Polemba ndemanga yonse, yambani ndi chimene chili bwino ndipo muchitchule dzina, chifukwa "good job" yokha siphunzitsa kanthu. Kenako nenani zosintha, ziwiri kapena zitatu basi, chilichonse ndi malo ake. Malizani ndi tsiku. Mwachitsanzo: "Thank you for the draft. The tables are much easier to read than last month's. The introduction could be slightly shorter, and section three needs more recent figures. Could you send the new version by Thursday?"

Mukakhala kuti wolandira ndinu, musangoyankha "Noted", chifukwa kwa ena imamveka ngati mwanyanyala. Wina akati lipoti likhale "more detailed" osanena pati, funsani: "Thank you. Which section needs more detail?"