Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Shuga wa pa dzira la likodzo

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangololedwa kulowa mu labu ngati wophunzira. Ntchito yoyamba imene anandipatsa inali yomwe anzanga ankaizemba: kuyeza mkodzo ndi chimbudzi. Ine siinkandinyansa ayi, chifukwa ndinali ndi mlandu wakale ndi tizilombo ta likodzo. Ndili mwana ndinadwalapo likodzo. Timadontho ta magazi tinkabwera pomaliza pokodza, ndinamwa mankhwala otchedwa praziquantel n'kuchira, koma chimene chinkachitika m'thupi mwangamo palibe anandilongosolera.

Dzira la Schistosoma haematobium, nyongolotsi yoyambitsa likodzo la m'chikhodzodzo, ndinaliona pa maikulosikopu sabata yoyamba yomweyo. Ndi lotalikirapo, lili ndi kaminga kunsonga kwenikweni, ndipo mukalidonthezera madzi oyera kamwana ka m'katimo kamayamba kuphiriphitha, kuswa chigoba, uko kakupita kukasaka nkhono yoti kakakuliremo. Nyongolotsi zake ndi zomwe dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anaziona ku Cairo mu 1851. Ndinaliyang'ana mpaka maso kuwawa.

Komabe chimene chinandigwira mtima kwambiri chinabwera pambuyo pake, m'chimbudzi cha mwana wina wotsekula m'mimba. Pakati pa zinyalala zonse zija panali timiyala toyera mbee, tosongoka mbali zonse ziwiri ngati singano ya kampasi. Ndinaitana mayi wina wachikulire amene ankatiyang'anira. Anangosuzumira kamodzi n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukaona timeneti usafulumire kulemba kuti mulibe kanthu. Funafuna mazira." Ndinabwereza, ndipo ndinawapezadi, a Schistosoma mansoni, nyongolotsi ya likodzo la m'matumbo, omwe minga yake imakhala pambali.

Timiyalato amatitcha Charcot-Leyden, potengera madokotala awiri, Jean-Martin Charcot amene anatifotokoza mu 1853 ndi Ernst von Leyden amene anationa m'makhololo a odwala mphumu mu 1872. Si ta nyongolotsi. Ndi ta munthu yemweyo. Timachokera ku maselo oyera a magazi otchedwa eosinophil, omwe amachuluka thupi likamalimbana ndi nyongolotsi. Maselowa akaphulika pankhondopo, puloteni ina yomwe inadzaza m'kati mwawo imaundana n'kukhala timiyalati. Puloteniyo ndi galectin-10, ya m'banja la mapuloteni ogwira shuga. Apa m'pamene ndinayamba kuwerenga usiku, anzanga atagona.

Shuga amene ndikunena pano si uja timayeza kwa odwala matenda a shuga. Selo lililonse, la munthu kapena la kachilombo, linakutidwa ndi timaunyolo ta shuga tamitundumitundu, tomata pa mapuloteni ndi pa mafuta a khungu lake. Maselo a chitetezo alibe maso. Amazindikira chinthu pochikhudza, ndipo zina mwa zokhudzira zake ndi ma lectin, mapuloteni amene aliyense amagwira mtundu wakewake wa shuga. Selo la dendritic, lomwe ntchito yake ndi kutola zachilendo n'kukazionetsa kwa maselo a T, otsogolera chitetezo cha thupi, lili ndi lectin yotchedwa DC-SIGN ndi ina yotchedwa mannose receptor. Maselo otchedwa macrophage, odya zinyalala m'thupi, amapanga lectin ina yambiri yotchedwa galectin-3.

Tsono nyongolotsi ya likodzo imachidziwa bwino chilankhulo chimenechi. Yaikulu imakhala m'mitsempha ya magazi zaka ndi zaka, itazunguliridwa ndi asilikali a thupi usana ndi usiku, koma osaphedwa. Njira imodzi ndi yakuti imadzimata zinthu za mwini thupiyo, kuphatikizapo shuga wa gulu lake la magazi. Imapanganso shuga wotchedwa Lewis X, yemwe amapezekanso pa maselo athu oyera ena. Wolondera akaikhudza amamva ngati wakhudza wapakhomo.

Dzira lokha silibisala. Limachita kufuula. Limatulutsa madzi odzaza ndi mapuloteni okutidwa shuga: DC-SIGN imagwira Lewis X, galectin-3 imagwira shuga wina wotchedwa LacdiNAc, ndipo pa mazira a mansoni pali puloteni yotchedwa omega-1 imene imalowa m'selo la dendritic kudzera pa mannose receptor. Ikalowa imaononga RNA ya selolo, yomwe imanyamula malangizo opangira mapuloteni, n'kusintha uthenga umene likapereke kwa maselo a T. Mu 2009 akatswiri anaonetsa kuti omega-1 payokha imatha kupotozera chitetezo ku njira yotchedwa Th2. Njirayi ikatseguka, maselo a T amatulutsa mapuloteni onyamula uthenga: IL-5 imachulukitsa ma eosinophil, IL-4 ndi IL-13 zimasandutsa ma macrophage kuchoka pa ntchito yopha n'kuyamba ntchito yomanga ndi kupoletsa zilonda. Maselo onsewa amalizinga dzira n'kupanga kachotupa kotchedwa granuloma.

Nditafika pamenepa ndinatseka buku n'kukhala phee. Dziralo lilibe miyendo. Kuti lichoke mumtsempha, liboole khoma la chikhodzodzo kapena la matumbo n'kutuluka kunja, limadalira kutupa komwe maselo athu apanga. Pa kafukufuku, mbewa zopanda maselo a T zikagwidwa likodzo zimatulutsa mazira ochepa kwambiri. Kafukufuku wa ku Kenya m'zaka za m'ma 1990 anapeza zofanana kwa anthu: amene anali ndi HIV komanso maselo a T otchedwa CD4 ochepa ankatulutsa mazira a mansoni ochepa m'chimbudzi. Ndiye kuti magazi aja ndinkawaona ndili mwana, njira yake inalambulidwa ndi asilikali anga omwe, atamvera shuga wa pa dzira. Nkhaniyi inandiwawa, ndipo mpaka lero ndikaiganiza imandizizimitsa thupi.

Sindikunena kuti granuloma ndi yoipa basi. Popanda iyo, poizoni wa m'dzira amaononga maselo a chiwindi mwachindunji, ndipo mbewa zosatha kuipanga zimafa msanga. Vuto ndi la mazira amene sanatuluke, omwe ndi ambiri ndithu. Lililonse limasiya chipsera. Zipsera zikaunjikana kwa zaka, chiwindi chimalimba, mitsempha imatupa mpaka munthu kusanza magazi. Kwa haematobium, chikhodzodzo chimauma, njira za mkodzo zimatsekeka, impso zimavutika, ena amafika pa khansa ya chikhodzodzo, ndipo kwa amayi mazira amakhazikika m'njira yoberekera n'kumabweretsa zilonda ndi ululu zomwe kawirikawiri zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Praziquantel amapha nyongolotsi zazikulu, koma chipsera chokhalitsa sachifufuta chonse. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva munthu akuti likodzo ndi matenda a ana, amatha okha. Anthu oposa 200 miliyoni padziko lapansi amafunika mankhwala ake chaka chilichonse.

Kuyambira nthawi imeneyo kagwiridwe kanga ka ntchito kanasintha. Ndikaona ma eosinophil atapitirira 500 pa maikulolita imodzi (kadontho kakang'ono kwambiri) ya magazi, kapena timiyala tija m'chimbudzi, koma mazira osaoneka, sindinkatseka nkhani. Ndinkalemba zimene ndaona pa fomu, n'kupempha kuti wodwalayo abweretsenso china tsiku lina. Mkodzo ndinkapempha wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Kwa odwala amene chitetezo chawo chinali chotsika ndinkasamala koposa, podziwa kuti kuchepa kwa mazira pa galasi sikutanthauza kuchepa kwa nyongolotsi m'mitsempha. Mayi otiyang'anira aja ataona mafomu angawo anandifunsa ngati ndinaganizapo zokaphunzira za chitetezo cha m'thupi mozama. Momwe ndinawayankhira, ndi zimene zinatsatira, ndikuuzani m'gawo 10.