Nyanja imene sikhala bata

Kwa miyezi itatu m'phunziro la fizikisi ndinkaloweza mawu akuti malo opanda kanthu ali ndi mphamvu, ndipo pa mayeso ndinkawalemba molondola, koma mumtima ndinkawakana. Ndinkaona elekitironi, kanthu kakang'onong'ono ka mu atomu, ngati kamwala koyendayenda m'chipinda, kotero kuti kamwalako kakachotsedwa palibe chimene chingatsale.

Zinandimasukira Lamlungu m'mawa kugombe kuno ku Mangochi, mwera utaleka, amayi akuyanika usipa pamathandala. Patali nyanja inkaoneka yabata, koma nditanjuta m'mphepete ndinaona madzi akunjenjemerabe pamchenga. Pamenepo ndinazindikira kuti chinthu chenicheni ndi field, imene ili paliponse ngati madzi osaoneka odzaza malo onse, ndipo elekitironi ndi funde la field imeneyo, monga momwe funde la panyanja silili chinthu chosiyana ndi madzi. N'chifukwa chake maelekitironi onse ndi ofanana ndendende. Mafunde onse akachotsedwa field imatsalabe, ndipo mfundo ya Heisenberg ya 1927, yakuti malo a chinthu ndi liwiro lake sizingadziwike ndendende nthawi imodzi, siilola kuti ikhale duu. Kusiyana kwake n'kwakuti nyanja imagwedezedwa ndi mphepo, pamene field palibe choikankha.

Nditabwerera kunyumba ndinawerengetsanso masamu a harmonic oscillator (chinthu chogwedezeka uku ndi uku ngati sipuling'i, monga limachitira funde lililonse la field) ndi pensulo, mzere ndi mzere, mpaka mphamvu yotsikitsitsa inatuluka theka la ħω (ħ ndi nambala yosasintha, ω ndi kufulumira kwa kugwedezekako), osati ziro. Ine ndimakhulupirira kuti munthu amene sanadutse njira imeneyi ndi dzanja lake sanayambe kuimvetsa nkhaniyi, ngakhale ataonera mavidiyo ochuluka bwanji. Zitatero, zimene Hendrik Casimir analosera mu 1948 zinamveka zokha: timalata tiwiri tikayandikana kwambiri timakokana, chifukwa pakati pake pamakwana mafunde ena okha pamene kunja kuli onse. Steve Lamoreaux anaiyeza mphamvuyi mu 1997.

Chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi athu anadutsapo mwachangu, n'kunena kuti zimenezi sizibwera pa mayeso, chonsecho ndi pamene pagona mutu wonse. Nthawi yowerenga imene ndimaipeza ndi usiku wokha, kutentha kukachepa, ndipo miyezi itatu imeneyo sidzabwereranso.

Pali pamodzi pamene ndaimabe. Mphamvu za mafunde onsewa zikaphatikizidwa, yankho limaposa mphamvu ya malo opanda kanthu imene akatswiri a zakuthambo amayeza kuwirikiza ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro pafupifupi 120. Ndiye kodi kunjenjemera kuja kulipodi monga ndikukuonera, kapena ndangopeza chithunzi chimene chandikhazika mtima pansi? Tsamba limenelo la kope langa ndalisiya lotsegula patebulo.