Tcheni ya timing ikaduka, yambani mwaona ma valve

Pa zonse zimene taphunzira zokhudza injini, mutu wa tcheni ya timing ndi umene ndikuona kuti anthu amaupupulumira. Amathamangira kugula tcheni yatsopano asanaone zimene zawonongeka m'kati.

Tcheniyi imalumikiza crankshaft (chitsulo chimene ma pisitoni amazungulitsa) ndi camshaft (chitsulo chotsegula ma valve, amene ndi titseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu silinda): crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Galimoto ikayenda mitunda yambiri, timapini ta m'mfundo za tcheni timaperepeseka, tcheni n'kutalika. Kachipangizo kotchedwa tensioner kamakunga tcheni ndi mphamvu ya oyilo, n'chifukwa chake oyilo wochepa kapena wokhalitsa amafulumizitsa vutoli. Tcheni yotalika imayamba yachenjeza ndi phokoso la zitsulo kutsogolo kwa injini kwa masekondi ochepa mukailiza itazizira, ndipo makina opimira galimoto amaonetsa nambala ya vuto P0016 kapena P0017, kusonyeza kuti crankshaft ndi camshaft sizikuyenda mogwirizana.

Ikaduka, injini imazima pomwepo, sitata n'kumazungulira mopepuka chifukwa compression (kupanikizika kwa mpweya mu silinda) palibe. Musapitirize kuliza. Vundukulani pothirira oyilo, pomwe pa injini zambiri camshaft imaoneka, wina apotoze bawuti ya crankshaft pang'onopang'ono ndi sipanala. Camshaft ikangokhala duu, tcheni yaduka. Mukamva kuti pagwira, siyani, musakakamize.

Apa ndiye pofunika kudekha. Mu injini zambiri pisitoni ndi valve zimafika malo amodzi pa nthawi zosiyana, ndiye tcheni ikaduka pisitoni imamenya valve yotseguka n'kuipinda. Valve yopindika sibwerera bwino pampando wake, moti mpata wa pakati pa iyo ndi cam (chotupa cha pa camshaft chimene chimaikankha) umakula kuposa muyeso. Chotsani camshaft kuti ma valve onse atseke, mupopere mpweya mu silinda kudzera pa bowo la pulagi. Ukamamveka ukutulukira kolowera mpweya kapena ku ekizozi, hedi iyenera kutsika. Kuika tcheni yatsopano pa ma valve opindika n'kungotaya ndalama.

Posintha, sinthani zonse: tcheni, ma guide (tinjanji tomwe tcheni imatsetserekapo), tensioner, magiya ake ndi silo ya kutsogolo kwa crankshaft. Magiya akutha amadya tcheni yatsopano msanga. Masulaninso sampu, chifukwa zidutswa za pulasitiki za ma guide zimagwera mmenemo n'kutseka sefa ya pampu ya oyilo. Ichi ambiri amachidumpha, injini n'kudzafa ndi kusowa oyilo.

Potembenuza camshaft tcheni isanalowe, ma pisitoni akhale pakatikati. Kenako kwezani pisitoni yoyamba pamwamba penipeni, mfundo za tcheni zopaka utoto zigwirizane ndi zizindikiro za pa magiya. Masulani tensioner kuti ikunge tcheni, muzungulitse injini ndi manja kawiri kathunthu. Zizindikiro za magiya ziyenera kubwerera pamalo pake. Mfundo zautoto sizibwerera msanga, ndipo limenelo si vuto. Bawuti ya crankshaft mangani ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa muyeso wa buku la injiniyo, ndipo ngati bukulo likuti ndi yomanga kamodzi kokha, gulani yatsopano. Thirani oyilo watsopano ndi fyuluta yatsopano musanalize.