Lachinayi, tsiku la footnote 31

Magetsi anazima usiku kuno ku Chikanda, ndiye laputopu ndinadzuka nayo ili ndi moto wochepa. Ndinangosukusula, n'kuponya mabuku m'chikwama, ulendo wa ku laibulale. Pofika 8 koloko ndinali nditapeza pokhala pafupi ndi soketi.

Ntchito imene anandipatsa sabata ino mu journal yathu ya ophunzira zamalamulo ndi yofufuza ma footnote, timawu tam'munsi mwa tsamba tosonyeza kumene mfundo yachokera, a nkhani ya mtsikana wina wa chaka chachitatu. Walemba za chilango cha imfa, masamba 18, ma footnote 64. Paliponse pamene wanena kuti mawu akutiakuti ali m'chigamulo chakuti, ine ndiyenera kukatsegula chigamulocho, kupeza ndimeyo, n'kuiona ndi maso angawa. Zambiri ndimazipeza pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losungira malamulo ndi zigamulo za makhothi a kuno. Zakalekale n'zimene zimandikweza masitepe kukasanthula mabuku a Malawi Law Reports, aja onunkha fumbi.

M'mawa wonse zinayenda bwino. Mtsikanayu amalemba momveka, ndipo mlandu wa Kafantayeni waufotokoza mwaluso: mu 2007 High Court inagamula kuti n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, monga ndime 210 ya Penal Code inkanenera. Chilangocho sichinathetsedwe, koma woweruza anapatsidwa mpata womva kaye za munthuyo, msinkhu wake, umoyo wake wa m'maganizo ndi mmene mlanduwo unachitikira. Wafotokozanso za akaidi amene zilango zawo zinaunikidwanso kuyambira mu 2015, ambiri n'kubwerera kwawo. Zimene ndinakonza mpaka footnote 30 zinali zazing'ono, apa nambala ya tsamba, apo chaka.

Pa footnote 31 m'pamene ndinaima. Walemba kuti mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, Supreme Court of Appeal inathetsa chilango cha imfa m'Malawi, ndipo gawo lonse lachitatu la nkhani yake laima pa chiganizo chimenechi. N'zoona kuti mu Epulo umenewo nkhani inamveka dziko lonse, mpaka kunja, kuti chilangochi chatha. Koma mu Ogasiti chaka chomwecho khothi lomwelo linatulutsa chigamulo chomaliza, chimene oweruza ambiri ananena kuti funso la kuthetsa chilango cha imfa silinali pamaso pawo ndipo sanaligamule. Chilangocho chikadali m'malamulo athu, ngakhale kuti munthu womaliza kunyongedwa m'dziko muno ananyongedwa mu 1992. Ndinawerenga kawirikawiri kuti ndisamunamizire mwana wa eni. Iye anagwiritsa ntchito nkhani za m'nyuzipepala za mu Epulo, za mu Ogasiti sizinamufike.

Mtima unandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti nkhaniyi wailemba miyezi itatu, pakati pa mayeso ndi ma assignment. Ndinamutumizira uthenga pa WhatsApp kuti tikumane masana.

Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa laibulale, aliyense ndi chipisi chake. Nditamuonetsa, anakhala chete kwa nthawi, akupukuta mafuta m'zala ndi kapepala. Kenako anati, "Achimwene, ndiye kuti ndataya nthawi yanga pachabe?" Ndinamuyankha kuti ayi chemwali, nkhani yanu yangopeza mutu wake weniweni. Kodi zimatheka bwanji kuti chigamulo cha khothi lalikulu kwambiri m'dziko chimveke mwina mu Epulo, n'kudzamveka mwinanso mu Ogasiti? Nanga munthu amene ali m'ndende, amene anauzidwa kuti chingwe chachoka, kenako n'kumva kuti chikadalipo, malamulo akuti chiyani za iyeyo? Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba kuseri kwa pepala lomwe ndinamupatsa, chipisi chija n'kuzizira.

Pamsonkhano wa akonzi nthawi ya 3 koloko tinakanganapo pang'ono. Mkonzi wamkulu ankafuna kuti nkhaniyo idikire chaka chamawa chifukwa osindikiza atipatsa masiku khumi okha. Ine ndinapempha sabata imodzi. Aphunzitsi amene amatiyang'anira anamvetsera onse, kenako anati, "Mupatseni sabatayo, koma footnote iliyonse yatsopano idutse m'maso mwa anthu awiri." Tinagwirizana choncho.

Anzathu ena amatifunsa kuti tikudzivutitsiranji ndi ntchito yopanda malipiro komanso yopanda malikisi. Ku America ma journal otere, monga Harvard Law Review imene inayamba mu 1887, amakonzedwanso ndi ophunzira, koma kumeneko munthu amalowa sukulu ya zamalamulo ali kale ndi digiri. Ife tikuphunzira kusiyanitsa ratio (mfundo yeniyeni imene chigamulo chaimapo) ndi obiter (zimene woweruza wangonena modutsa) chaka chomwecho chimene tikukonza zolemba za anzathu, n'chifukwa chake sindikhulupirira ndi mutu wanga womwe ndisanatsegule chigamulo. Zolembedwa zokhudza malamulo a Malawi n'zochepa. Loya amene akukonzekera mlandu usiku, kapena wophunzira wa ku Lusaka amene akufufuza za kuno, akhoza kupeza nkhani yathu n'kuikhulupirira monga ilili.

Madzulo ndinapita kutauni kukasindikiza chigamulo cha mu Ogasiti chija kuti mtsikanayu akhale nacho papepala, popeza foni yake ndi yosweka galasi. Pobwerera ndinaganiza za ndende ya Zomba, yomwe ili m'tauni mwathu momwemuno, kumene amasungira anthu ogamulidwa kunyongedwa. Mayina a milandu amene ndakhala ndikuwaika m'zilembo zopendekera tsiku lonse ndi a anthu amene anagonapo mmenemo.

Pano ndi 10 koloko usiku, magetsi abwera. Wangonditumizira ndime ziwiri zatsopano za gawo lachitatu, ndipo pansi pake walemba kuti, "Onani ngati tsamba ndalemba lolondola." Ndaona, ndi lolondola. Ma footnote 33 otsalawo ndiyamba nawo mawa ndikatuluka m'kalasi ya Evidence.